Dzina ni la eni, nkhongole ni yako

Mukakwela basi pa Kulima Tower kupita ku Mtendere, yesani kuwelenga ma booth a mobile money amene muona pa windo. Musanafike pa Kalingalinga mudzakhala mutasokonezeka kale. Ofiila, acikasu, ofiila, acikasu, ena othinana monga anthu pa mpando wa kumbuyo. Pitani ku Matero, ku Chawama, ku George, ni cimodzimodzi. Ku ma mall nako maina ni amodzimodzi: KFC, Debonairs, Steers. Pa msewu ni Puma na TotalEnergies.

Ambili a ise tikaona dzina limodzi pa malo khumi timaganiza kuti mwini wake ni mmodzi. Nthawi zina ni zoona. Shoprite, imene inatsegula sitolo yake yoyamba pa Cairo Road mu 1995, imayendetsa yokha masitolo ake. Mabuchala a Zambeef nawo ni a kampani. Koma pa malo ena ambili, kuseli kwa cikwangwani kuli munthu wina cabe, amene anaika ndalama zake kuti aloledwe kugulitsa na dzina la eni. Malonda a mtundu uwu ndiwo acedwa franchise.

Nkhani iyi si ya a ku Kabulonga okha. Kucokela mu 2023, pamene lamulo linalola anchito kutapako 20 pelesenti ya ndalama zawo za NAPSA, komanso pamene CDF inakwela kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse mu 2022 n'kukhala na gawo la nkhongole za malonda, anthu ambili mu komboni agwilako ndalama imene sanagwilepo. Ena ni ya cilimba, ena ni ya penshoni ya atate. Ndipo pamene pali ndalama, olalika safuna kuitanidwa. Pa WhatsApp na pa Facebook uthenga ni umodzi: bweletsa zakuti, tikupatse dzina, katundu na yunifomu, ukhale bwana pa iwe wekha. Ine nikuti tisanathamange, tidziwe cimene tigula. Mu franchise, dzina ni la eni, koma nkhongole na usiku wosagona ni zako.

Inu a m'basi simufunika sukulu kuti mumve nkhani iyi, cifukwa muiona tsiku lililonse. Dilaiva akatenga basi m'mawa, adziwa kuti madzulo afunika kupeleka kashing'i kwa mwini basi. Kaya mvula yagwa, kaya pa Lumumba Road panali jamu ya maola awili, kaya apolisi anam'gwila, kashing'i siicepa. Mafuta ni ake, kondakita ni wake, cotsala ndiye cake. N'cifukwa cake amatithinitsa anayi anayi na kuima paliponse. Franchise iyenda motelo, koma pali kusiyana kumodzi kwakukulu: mu franchise, na basi yomwe ugula ndiwe. Mwini dzina akupatsa cabe mtundu wa penti, njila yoyendamo na malamulo.

Ndalama zimene wobweleka dzina amalipila zili m'magulu atatu. Yoyamba ni yolowela, imene upeleka kamodzi usanagulitse olo cipisi cimodzi. Yaciwili ni ya mwezi na mwezi, imene pa cizungu amati royalty. Yacitatu ni yothandizila kulengeza malonda pa wailesi, pa TV na pa zikwangwani. Pamwamba pa izi, kumanga sitolo, kugula mafiliji na masitovu, lendi na malipilo a anchito, zonse ni zako. Ndipo nthawi zambili cipangano cimakamba kuti katundu ugule kwa iwo, olo kwa amene iwo asankha, ngakhale pa Soweto Market pali wochipa.

Apa ndiye pamene ambili amagwela: royalty imawelengedwa pa zimene wagulitsa, osati pa phindu. Tiyeni tiyelekezele na manambala ongopeka kuti tione. Tinene kuti sitolo yako yagulitsa K100,000 pa mwezi, ndipo cipangano cikuti K7 pa K100 iliyonse ni royalty, K3 ni ya kulengeza. Eni dzina atenga K10,000. Katundu wadya K45,000, lendi K15,000, anchito K15,000, malaiti na madzi K5,000. Iwe watsala na K10,000. Si zoipa.

Manje ubwele mwezi woipa, monga miyezi ija ya mu 2024 pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kubwela monga mlendo. Wagulitsa K70,000 cabe. Eni dzina atenga K7,000. Katundu K31,500. Lendi siisintha, anchito sasintha, malaiti na dizilo ya jenereta zafika K8,000. Ukaphatikiza zonse ni K76,500. Ndiye kuti iwe waonjezapo K6,500 ya m'thumba mwako, koma eni dzina adyako ndithu K7,000 yawo. Palibe amene wakubela. Ni mmene cipangano cinalembedwela, ndipo unasaina wekha. Ngati dzina ni lakunja ndipo malipilo ena ali mu madola olo ma rand, Kwacha ikagwa, katundu wa pamutu ulemela pa iwe.

Nzelu iyi inakulila ku America. Harland Sanders, mdala wa ndevu zoyela amene muona pa cikwangwani ca KFC, sanali na ndalama zomangila malesitilanti ambili. Anali na kaphikidwe kake ka nkhuku. Mu 1952 anagwilizana na Pete Harman wa ku Salt Lake City kuti aziphika nkhuku mwa njila yake na kum'patsako kandalama pa nkhuku iliyonse. Ray Kroc anatsegula McDonald's yake yoyamba mu 1955 ku Des Plaines, atabweleka dzina na kacitidwe kwa abale awili, Richard na Maurice McDonald. Obweleka dzina kwa iye anali kulipila madola 950 polowa, na 1.9 pelesenti ya zogulitsa. Ndalama zenizeni zinayamba kubwela pamene kampani inayamba kutenga malo na kubweleketsa kwa amene ayendetsa malesitilanti, kuti azilipila na lendi yomwe. Mu 1961 Kroc anagula dzina lonse kwa abale aja pa madola 2.7 miliyoni. Lelo malesitilanti a McDonald's oposa 90 pa 100 alionse ayendetsedwa na anthu obweleka dzina. Phunzilo lake ni lakuti kampani imakula na ndalama za ena, ndipo ikula msanga cifukwa aliyense wotsegula nthambi amabwela na cikwama cake.

Sinikamba kuti franchise ni msampha. Ili na ubwino wake weniweni, ndipo n'cifukwa cake yafala dziko lonse. Amene anayesapo kutsegula kantemba adziwa kuwawa kwa miyezi yoyamba, pamene anthu apita pakhomo pako osayang'anako cifukwa sakudziwa. Dzina lodziwika limabwela na makasitomala ake tsiku loyamba. Munthu wocoka ku Ndola akaona Debonairs mu Lusaka safunsa kuti pizza yake ikoma bwanji, adziwa kale. Eni dzina amakuphunzitsa kusunga mabuku, kuwelenga katundu, kusamala ukhondo, zinthu zimene ambili timaphunzila titaluza kale. Amagula katundu wambili pamodzi, ndiye mtengo umatsika. Na ku banki, munthu wonyamula cipangano ca dzina lalikulu amamumvelako kuposa wonyamula maloto cabe.

Koma walila mvula walila matope. Malamulo amene apangitsa kuti cakudya cikhale cimodzimodzi paliponse ndiwo amamanga manja ako. Sungaonjeze nsima na ifisashi pa menyu cifukwa makasitomala ako a ku Chawama afuna. Sungasinthe penti. Pa filling station, mtengo wa mafuta ulengezedwa na Energy Regulation Board, ndipo woyendetsa siteshoni adya kagawo kocepa pa lita iliyonse, kaya lendi yakwela olo ayi. Ndipo nthambi ina ikagulitsa cakudya cowola ku tauni ina, mbili yoipa ifika na pakhomo pako, iwe wosalakwa.

Citsanzo cathu ca pano pamudzi ni Zoona. Amene munali kutuma ndalama ku Chipata olo ku Petauke zaka khumi zapitazo mukumbukila tuma booth twa gilini tuja. Kampani iyi inayamba mu 2009, ndipo pakati pa oiyambitsa panali abale awili, Brad na Brett Magrath. Kacitidwe kake kanali ka franchise ya anthu wamba: kampani inali kupeleka dzina, booth, makina na maphunzilo, na kuthandiza pa ndalama yoyambila, ndipo wothandizidwayo anali kuyendetsa malonda monga ake, kudya komishoni na kulemba nchito ma teller. Atsikana ambili amene anatsiliza Grade 12 n'kusowa kopita anapeza poyambila pamenepo, ndipo ena anafika pokhala na ma booth angapo. Zoona inakula mpaka kuloŵa mu Malawi mu 2014, pambuyo pake na ku Mozambique.

Ndiye MTN na Airtel analimbitsa mobile money yawo. Munthu anayamba kutuma ndalama ali gone pa bedi, pa foni yake, pa mtengo wotsika. Tuma booth twa gilini tunayamba kucepa pa misewu, ndipo mu 2022 kampani ya Chipper Cash inalengeza kuti igula Zoona. Mtsikana wa pa booth sanalakwitse ciliconse. Anali kufika m'mamawa, anali kusunga mabuku bwino. Koma msika unasintha pamwamba, pamene iye analibe mawu. Ukakwela basi ya eni, ikafa pa njila, na iwe watsika.

Ma booth ofiila na acikasu a lelo si franchise yeniyeni ya royalty. Ejenti salipila mwezi na mwezi kuti asewenzetse dzina. Kampani ndiyo imam'patsa komishoni pa ndalama zimene anthu aika na kutapa. Koma mtima wake ni umodzi. Dzina na malamulo ni a kampani, komishoni aikonza ni a kampani, pamene floti ni yako, lendi ya malo ni yako, malipilo a khonsolo ni ako. Wakuba akabwela na mfuti olo na uthenga wabodza wa pa foni, yapita ni yako.

Ndipo pa ma booth apa ndiye pamene tiona bwino cinthu cimene munthu aliyense wofuna franchise afunika kufunsa coyamba: malile. Kwa kampani, booth iliyonse yatsopano ni phindu, cifukwa kasitomala sayenda mtunda, ndipo ndalama zonse zipita mu thumba limodzi. Kwa ejenti, booth yatsopano pambali pake ni mpikisano. Makasitomala a pa siteshoni ya Mtendere sawonjezeka cifukwa ma booth acoka pa atatu kufika pa khumi na awili. Mbale ni imodzimodzi, manja ndiwo aculuka. N'cifukwa cake muona atsikana aimilila panja pa booth kuitana anthu monga ma ngwangazi, ndipo mkati mwa booth mwadzala ma charger, maswiti na ma wigi. Komishoni yokha siikwanila.

Franchise yolembedwa bwino imakamba poyela kuti m'dela lakuti sitidzaika wina. Olo a Lusaka City Council adziwa izi. Pa nkhani ya zinyalala anagawa mzinda m'zigawo na kupatsa makampani amene iwo eni amawacha ma franchise contractor, aliyense cigawo cake, pamene mu makomboni nchito iyi inapatsidwa ku tumagulu twa anthu a m'delalo. Kaya zinyalala zicotsedwa bwino olo ayi ni nkhani ya tsiku lina, ndipo a ku Kanyama ali na zambili zokamba. Koma mfundo yake ni yoona: palibe angagule thilaki ngati sadziwa kuti nyumba zakuti ni zake. Nanga n'cifukwa ciani mtsikana wa ku George aike floti ya K10,000 popanda lonjezo lililonse lakuti mawa sipadzamela booth ina pa mphuno pake?

Palinso ngozi zimene cipangano sicichula koma zimagwela wa pansi. Mu January 2018, kolela itavuta, boma linaletsa malonda a m'misewu ndipo ku Kanyama kunaikidwa lamulo loletsa kuyenda usiku. Amene anali na nkhongole, nkhongole siinaime. Kaloba sadziwa kolela.

Ku South Africa, kumene kucokela Debonairs na Steers, boma linaona kuti pa cipangano ca mtundu uwu mmodzi ni njovu, wina ni kalulu. Lamulo lawo loteteza ogula la mu 2008 limakhudza na franchise. Mwini dzina afunika kupeleka cikalata coulula za kampani yake masiku 14 munthu asanasaine, ndipo amene wasaina ali na masiku khumi a nchito oti angasinthe maganizo popanda cilango. Ku America nako kuli lamulo la masiku 14 amenewa. Kuno kwathu tilibe lamulo lapadela la franchise. Tili na Competition and Consumer Protection Commission, tili na makhoti, koma kwenikweni cimene wasaina ndico cikumanga. Ine niona kuti nthawi yakwana yakuti a Unduna wa malonda ang'ono na apakati, umene unakhazikitsidwa mu 2021, pamodzi na aphungu athu a ku Kanyama, Matero, Chawama na Munali, akambepo. Ngati tipatsa acinyamata nkhongole za CDF kuti ayambe malonda, tifunika kuwateteza pa pepala limene asaina. Lamulo lake lisakhale lovuta: wogulitsa dzina aulule nthambi zingati zinatsegulidwa, zingati zinatsekedwa, ndalama zonse zolipila, ndipo apatse munthu masiku oganiza. Makampani a mafoni nawo, pamodzi na khonsolo imene ipeleka malo, aleke kuunjika ma booth pa kona imodzi monga matumba a malasha.

Poyembekeza lamulo, citetezo cili m'kamwa mwanu. Safunsa anadya phula. Musanapeleke ngwee, funsani kuti ndalama zonse pamodzi ni zingati, kuphatikizapo za miyezi isanu na umodzi yoyamba pamene malonda akalibe kugwila. Funsani ngati gawo lawo licoka pa zogulitsa olo pa phindu, ndipo ngati pali ndalama imene mulipila olo simunagulitse. Funsani za malile, ndipo yankho likhale pa pepala, osati pakamwa. Funsani kuti cipangano ni ca zaka zingati, ndani angacithetse, ndipo cikatha mafiliji na mashelufu amene munagula adzakhala a ndani. Funsani ngati mungagulitse malonda anu kwa wina mukalema.

Ndiye citani cinthu cimene wogulitsa dzina sangakuuzeni: kwelani basi, mupite mukaceze na amene ali kale mu malonda amenewo. Osati amene iye wakusankhilani, koma amene mwapeza mweka. Koposa onse, funafunani amene anatseka. Amene uja ndiye ali na nkhani yonse. Pitani ku PACRA mukaone ngati kampaniyo inalembetsedwa ndipo ngati dzinalo ni lawodi. Pepala lipelekeni kwa loya olo kwa munthu wodziwa mabuku aliwelenge. Ndalama ya loya iwawa tsiku limodzi, cipangano coipa ciwawa zaka zisanu.

Ndipo cenjelani na mimbulu yovala cikopa ca franchise. Ngati akuuzani kuti phindu lalikulu lidzabwela mukabweletsa anzanu atatu, naonso abweletse atatu, iyo si franchise. Franchise yoona imadya pa katundu wogulitsidwa kwa makasitomala, osati pa ndalama zolowela za anthu atsopano. Ngati alibe sitolo olo imodzi imene iwo eni ayendetsa na kupindula nayo, agulitsa ciani? Ngati akuti lipilani lelo cifukwa mawa malo adzatha, asiyeni athe. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyelele.

Cotsiliza cimene cinivuta mtima ni ici. Pa nkhani yonse iyi, ise a Zambia nthawi zambili tili ku mbali yobweleka. Royalty ya nkhuku na pizza imene tidya pa Manda Hill na pa Levy ipita ku Johannesburg na ku America. Koma kodi mu komboni mulibe maina? Pa Alick Nkhata Road mu Kalingalinga pali akalipentala na owochelela amene mageti na mipando yawo yadzala mu mayadi a Lusaka yonse. Mu Matero muli amai amene nsima yawo anthu amaiyendela kucoka ku tauni pa lanchi. Mu Chawama muli ometa amene pa Ciwelu sungapeze pokhala. Cimene Sanders anali naco si nkhuku yoposa ya amai aja. Anali na kaphikidwe kolembedwa, koyezedwa, kotheka kuphunzitsa munthu wina kuti aphike cimodzimodzi iye kulibe, komanso dzina lotetezedwa na lamulo.

Apa ndiye pamene malonda athu amafela. Zonse zili m'mutu mwa mwini. Akadwala, sitolo yadwala. Akamwalila, abale agawana mapoto, dzina lapita. Amene muli na malonda amene agwila, yambani kulemba: mucele woculuka bwanji, mafuta angati, kasitomala alandilidwa bwanji, ndalama iwelengedwa nthawi yanji. Lembetsani dzina lanu ku PACRA wina asanalitenge. Tsegulani nthambi yaciwili, muone ngati ingayende inu muli kutali. Ikayenda caka cathunthu, ndiye muli na cinthu cimene mungabweleke mwana wa mnzanu ku Mtendere olo ku Kafue pa cipangano coyela, cokhala na malile, cimene inu mungakonde kusaina mukanakhala iye.

Kubweleka dzina si ucitsilu, ndipo kwa ena ndiyo sukulu yabwino ya malonda. Koma lowani muli maso, pensulo ili m'manja, mutawelenga mwezi woipa osati wabwino cabe. Ngati masamu a mwezi woipa akukanani, bwezani ndalama m'thumba. Ya NAPSA ija imatapidwa kamodzi cabe.